Dzina limene linachedwa kulembedwa pamwala

8 Disembala

Mvula inayamba m'bandakucha, moti ndinafika kusukulu nsapato zitalemera ndi matope. Mayeso tinamaliza sabata yatha, ana a Fomu 3 anangokhala m'kalasi kudikira belu. Ndiye ndinati lero ndiwauze za Robert Lawrence, munthu amene ndimamukumbukira tsiku ili chaka chilichonse.

Anabadwira ku Chicago mu 1935. Anali woyendetsa ndege zankhondo za dziko la America, ndipo mu 1965 anatenga digiri ya udokotala wa Chemistry ku Ohio State University. Atamva Chemistry, ena amene anali atagoneka mitu padesiki anadzuka, poti ndi phunziro lathu lomweli. Mu Juni 1967 anasankhidwa kulowa pulogalamu ya asilikali yotchedwa MOL, yomwe cholinga chake chinali kutumiza anthu kukakhala m'chombo chozungulira dziko. Munthu wakuda woyamba kusankhidwa kuti akapite mumlengalenga anali iyeyu.

Miyezi 6 isanakwane, pa 8 Disembala 1967 ku bwalo la ndege zankhondo la Edwards, m'chipululu cha California, anakwera ndege ya F-104 kumpando wakumbuyo. Ankaphunzitsa mnzake kutsika mozyolika kwambiri kenako n'kudzutsa mphuno ya ndege pafupi ndi nthaka, momwe chimaterera chombo chobwerera padziko chopanda injini. Wakutsogolo uja anachedwa kudzutsa, ndege inamenya pansi n'kugwira moto. Onse awiri anadziponya kunja ndi mipando yawo. Mnzakeyo anapulumuka atavulala kwambiri, koma Lawrence anafera pomwepo ali ndi zaka 32.

M'kalasi munangoti zii. Kenako mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga ngati sanapiteko, timuwerengera bwanji pamodzi ndi opitawo?"

Ndinamuuza kuti funso lakelo akuluakulu a asilikali nawonso analifunsa. Mu 1991 atakhazikitsa mwala wachikumbutso ku Kennedy Space Center, wa anthu amene anafa pantchito ya maulendo a mumlengalenga, dzina la Lawrence analisiya, ati sanakwanitse zoyenereza. Linadzalembedwa mu 1997, patapita zaka 30 chimwalirireni. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Munthu anasankhidwa, anaphunzira, anafera pantchito yomweyo, koma abale ake n'kumakachondereranso kuti dzina lilembedwe.

Belu linalira ndisanamalize. Masana ndinakhala m'sitafu kuchonga mapepala, mvula ikuwomba malata, maganizo ali kwina.

Chimene sindinawauze ndi ichi. MOL inathetsedwa mu 1969 isanatumize munthu ndi mmodzi yemwe. Anyamata 7 a m'pulogalamuyo amene anali ocheperako zaka anawatenga a NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, ndipo onsewo anadzauluka pa Space Shuttle, zombo zimene zinkabwerera padziko n'kutera ngati ndege. Lawrence akanakhala moyo, msinkhu wake unali womwewo. Mmodzi wa iwo, Robert Crippen, anali m'chombo cha Columbia paulendo woyamba wa Space Shuttle mu Epulo 1981, ndipo chinabwera osagwiritsa ntchito injini, n'kudzatera ku Edwards komweko, m'kateredwe kamene Lawrence anafa akuphunzitsa. Munthu wakuda wa ku America woyamba kufika mumlengalenga anadzakhala Guion Bluford, mu 1983.

Madzulo ano magetsi alipo, ndasunga chithunzi chake pafoni, atavala yunifolomu. Mawa ndikamuonetsa mtsikana uja, ndikamuuzenso za Columbia.