Kani sitata inalibe mlandu

Abale anzanga ophunzira umakaniko, mtima wakhala m'malo tsopano, nkhani ya neutral safety switch ija, switchi yoletsa sitata kuliza injini galimoto ikakhala mu giya, yalowa m'mutu. Za batire ndi solenoid (kaswitchi kotumiza moto wa batire ku sitata) sindinenapo, tonse tinadutsamo kale. Ndikunena galimoto ya automatic yoti magetsi a pa dashibodi akuyaka bwinobwino koma ukapotokola kiyi kuli zii.

Chomwe chandimasula ndi ichi: switchi ija sidziwa komwe dzanja lako laika giya, imangodziwa pomwe paima kachitsulo ka pa giyabokosi basi. Ndiye pakati pa dzanja ndi giyabokosi pali chubu, mabushi, mabawuti ndi kebulo, chimodzi chikangotha iwe ukuona ngati uli pa P (paki) pomwe pansi paja zatsakamira pakati pa P ndi R (rivesi), switchi nkukana kupereka moto ku sitata. Ndipo kukanako sikuti yafa ayi, ntchito yake ndi imeneyo, kuti galimoto isalire ili mu giya.

Ndinazionera pa Ford F-150 ya 1995, zija giya yake ili pa chiwongolero. Ukasuzumira pansi pa dashibodi, kumapeto kwa chubu cha giya kuli timabawuti tiwiri ta Torx T30 togwira kachitsulo kokoka kebulo. Tikakhwefuka ndodo ya giya imangoti gwedegwede, kamuvi kosonyeza giya kaja nkumaloza pakati pa zilembo. Mabushi ake ndi apulasitiki, akakalamba amang'aluka, mpata nkuwonjezekera. Switchi yeniyeniyo, pa ma Ford amenewa amati MLPS (manual lever position sensor), ili kutali kumbali kwa giyabokosi, koma ndi yomwe anthu amathamangira kukagula limodzi ndi sitata, ndalama kutha vuto likadalipo.

Njira yanga pano, ndipo palibe angandiuze zina: koka handibuleki, ponda buleki, ika pa N (nyutulo), liza. Kapena kankhira ndodo m'mwamba ku P mwamphamvu uku ukupotokola kiyi. Ikalira, multimeter yoyezera magetsi ija bweza m'bokosi, lowa pansi pa dashibodi. Kunena zoona ine ndikuona ngati kachiyeso aka kakuposa theka la manotsi athu onse.

Chondinyasa nchoti m'kalasi tinathera nthawi pa wiring diagram, aphunzitsi kujambula switchi ngati kabokosi ka mizere iwiri, osatchulako ngakhale kamodzi kuti chinthucho chimasunthidwa ndi zitsulo zoti zimatha. Practical nayo ndi ija gulu lonse kuunjikana pa galimoto imodzi, wakumbuyo umangoona misana ya anzako, nthawi yatha tiyeni.

Pomwe ndikukayikabe mpamene zonse zatha pamodzi, mabushi komanso switchi. Uyambira kuti kuti mwini galimoto usamugulitse chinthu chosafunika? Ndiye pali zija zimakana kulira injini ikatentha yokha, apo kachiyeso kanga kangathandize kaya ayi, mwina pamenepo multimeter ija iyenera kutulukanso, kaya.