Chaka cha 2000 ndi shopu yathu ya makompyuta ku Limbe

Shopu yathu tinaitsegula mu 1997, ine ndi achimwene anga, m'kachipinda ka lendi ku Limbe. Tinkatayipa makalata, kupanga fotokope ndi kukonza maprinta a m'maofesi. Ndalama inkalowa mwa apo ndi apo, ndipo kwacha itagwa mu Ogasiti 1998, inki ndi zipangizo zochokera ku Johannesburg zinakwera mtengo moti tinayamba kukambirana zotseka.

Chaka chotsatira panabuka nkhani ya Y2K, vuto la deti la chaka cha 2000 m'makompyuta, ndipo ndiyo inatiimika pa miyendo. Anthu amene analemba mapulogalamu m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankasunga chaka ndi manambala awiri omaliza okha, poti malo osungira zinthu m'kompyuta anali odula kwambiri. Choncho 1999 inkalembedwa 99, ndipo 2000 ikanalembedwa 00, yomwe makina ambiri akanaiwerenga ngati 1900.

Mumzinda anthu ankakamba za ndege kugwa, magetsi kuzima ndi ndalama kusowa ku banki. Ife tinkaona zina. Makasitomala athu anali eni mahadiweya, masitolo a mankhwala ndi masukulu apulaiveti, ndipo iwo choopsa chawo chinali m'buku la ngongole. Munthu watenga simenti mu Disembala 1999 kuti adzalipire mu Januwale, koma kompyuta ikuona ngati tsiku lolipira linadutsa kalekale, nkumuwerengera chiwongoladzanja chosamveka, mwinanso kuitaya ngongoleyo pa mndandanda. Mankhwala odzatha mphamvu mu 2001 ankatha kuoneka ngati anatha mu 1901. Malipiro a antchito nawo amadalira deti. Bizinesi yaing'ono ikasokoneza zinthu zitatuzi kwa mwezi umodzi, kudzuka kwake kumavuta. Kasitomala wina anabwera ndi fomu yochokera ku kampani yaikulu imene ankaigulitsa katundu, yofunsa ngati makina ake ali okonzeka. Osayankha, oda ikanapita kwina. Apa mpamene ambiri anazindikira kuti nkhaniyi si ya azungu okha.

Kagwiridwe kathu kanali kosavuta koma kofuna kudekha. Tinkayamba ndi kukopera zonse pa madisiketi. Kenako tinkaika wotchi ya kompyuta pa 31 Disembala 1999, kutatsala mphindi ziwiri kuti ikwane 12 koloko usiku, nkuzimitsa, kudikira, nkuyatsanso. Makina akale a 486 ambiri ankadzuka akuonetsa 1980. Ena ankangofuna kuwalembera deti lolondola pamanja, ena kuwaikira kapulogalamu kowongola BIOS (pulogalamu ya mkati imene imadzutsa kompyuta ndi kuwerenga wotchi yake), ndipo ochepa okha ndiwo anali oyenera kusinthidwa. Tinkayesanso 29 Febuluwale 2000, chifukwa chaka cha 1900 chinalibe tsiku limeneli pamene 2000 inali nalo. Aliyense tinkamuuza kuti asindikize buku lake la ngongole pa pepala Khirisimasi isanafike.

Panali ogulitsa ena amene ankaopseza anthu kuti ataye makina onse agule atsopano. Achimwene anakanitsitsa njira imeneyo, ngakhale phindu lake linali lalikulu. Ankati munthu amene wamupulumutsira ndalama lero adzabwera yekha mawa, ndipo ambiri mwa makasitomala amene tili nawo mpaka pano tinawapeza m'miyezi imeneyo.

Januwale atafika popanda chipwirikiti, ena anayamba kunena kuti zonse linali bodza. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Akatswiri amayerekeza kuti dziko lonse linagwiritsa ntchito madola pafupifupi 300 biliyoni kukonza vutoli, ndipo bata limene tinaliona linachokera m'ntchito imeneyo. Pamene sanakonze, zinaoneka: ku New York munthu wina anawerengeredwa chindapusa cha zaka 100 pa filimu imene anabwereka. Ngakhale mu Januwale 2020 makina olipirira malo oimika galimoto mumzinda wa New York anakana makhadi chifukwa cha vuto la deti.

Ndalama zimene tinapeza pa ntchito ya Y2K tinagulira makompyuta ena ndi kutsegula chipinda chophunzitsira achinyamata kutayipa ndi kusunga maakaunti. Lero benchi yokonzera makina ili m'manja mwa mwana wa achimwene, ndipo ndamuuza kuti makina akale akabwera aziwayang'ananso za 19 Januwale 2038, tsiku limene wotchi ya mapulogalamu ena a 32-bit idzafike pamapeto pa kuwerenga kwake.