Loweruka: tagwirizana za Golden Gate

Chaka chino sitipita kumudzi pa Khirisimasi. Titawerengera matikiti a basi a anthu anayi, katundu wa abale ndi kangachepe kosiyira agogo, taona kuti thumba silikwanitsa. Koma sukulu ikatsekera ana sangangokhala m'nyumba muno ku Rosettenville, mu Johannesburg, mwezi wathunthu. Ndiye titachoka kogula ndiwo, ine ndi bambo a Tadala tinakhala pansi ndi foni kufunafuna malo a kumapiri oti tikagoneko masiku owerengeka.

Iwo mtima wawo unali ku Royal Natal, ku Drakensberg ya mbali ya KwaZulu-Natal, komwe kuli khoma lalikulu la Amphitheatre ndi mathithi a Tugela. Ndi mwana wa ku Mulanje, anakulira m'munsi mwa Sapitwa, ndiye akamva za phiri amafuna lalitali lenileni. Ndinawafunsa kuti, "Bambo a Tadala, mathithi amenewo mukafikako bwanji ndi ana? Tadala angoyamba kumene sukulu, Mphatso ndi wa kumsana." Njira yolowa m'chigwa cha Tugela imatenga pafupifupi tsiku lonse kupita ndi kubwera, ndipo mu Disembala kumapiri amenewo mvula ya mabingu imakonda kugwa masana. Mwana akalira pakati pa njira ngati imeneyo palibe kothawira.

Alamu atatiimbira anatchula mapiri a Magaliesberg, poti ndi pafupi, ola limodzi ndi kanthu. Kumeneko n'kwabwino, koma katauni ka kumeneko ka Hartbeespoort ndi chikwere chake cha pachingwe tingapiteko Loweruka lililonse n'kubwerera tsiku lomwelo. Malo ogona amene tinaona kumeneko ambiri amawerengera mutu uliwonse pamodzi ndi chakudya, chimene Tadala wanga angachilawe kamodzi n'kufunsa nsima.

Paki ya Golden Gate ndiyo inatikhalitsa nthawi yaitali. Ili ku Free State, pafupi ndi tauni ya Clarens, makilomita opitirira pang'ono 300 kuchokera kuno. Munthu umatsata msewu wa N3, kulipira pa mageti a De Hoek ndi Wilge, ukafika ku Harrismith n'kukhotera mu R712. Ndalama za mageti ndinazilemba padera pamodzi ndi za mafuta, chifukwa zimenezi n'zimene zimadya thumba munthu osazindikira. Pakiyi ndi ya SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a boma la South Africa, ndipo kampu yake ya Glen Reenen ili ndi tinyumba tokhala ndi pophikira, malo omangapo matenti, ndi kasitolo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti tinjira tatifupi, monga ta ku Mushroom Rock ndi Echo Ravine, timayambira pa kampu pomwepo. Ana akatopa mumangobwerera, kuwasambitsa, kuwapatsa phala. Akakana kuyenda, pali misewu iwiri yozungulira pa galimoto, Oribi Loop ndi Blesbok Loop, komwe angaone mbidzi ndi nyumbu ali pampando.

Tadala anali phee pambali pathu mpaka pamene bambo ake anawerenga mokweza kuti m'miyala ya kumeneko munapezeka mazira a dinosaur, zinyama zakalekale zimene zinatha padziko, ena muli tiana tosaswa. Anadzuka, n'kuika chibwano paphewa langa, chala chili pa chithunzi cha thanthwe lachikasu lija la Brandwag, akufunsa ngati mazirawo akadalipo oti akawagwire. Apa m'pamene nkhani ya Royal Natal inathera.

Kwa ife a ku Malawi pali mfundo yofunika. Kupatula ndalama ya pogona, SANParks imalipiritsa ndalama yosamalira paki tsiku lililonse, ndipo mitengo ili patatu: ya nzika ndi okhazikika mu South Africa, ya anthu a m'maiko a SADC, ndi ya alendo ochokera kutali, yomwe ndi yokwera kwambiri. Mtengo wa SADC umafuna pasipoti pa geti. Mapasipoti onse anayi ndawaika kale m'kachikwama kamodzi.

Pophikira paja m'pamene tipulumutsire ndalama zenizeni. Ufa, mpunga, nyemba, matemba amene anabwera ndi achemwali mwezi watha, zonse tinyamula kuchokera kuno. Mphika wa nsima ndi mthiko sizitsala. Alamu atichenjeza kuti kumapiri anyani amalowa m'nyumba chitseko chikangosiyidwa chotsegula, ndiye chakudya chizikhala chotsekeredwa. Majuzi nawo ndi ofunika, chifukwa malowa ndi okwera ndipo usiku kumazizira ngakhale m'chilimwe cha kuno. Malungo kulibe, ndipo kwa mayi wa ana aang'ono imeneyo si nkhani yaing'ono.

Masiku tasankha a pakati pa sabata, sukulu ikangotsekera, pasanafike pa 16 Disembala pamene makampani ambiri amatseka ndipo N3 imadzaza ndi opita ku Durban. Bambo a Tadala avomera pokhapokha ndiwalole tsiku limodzi kukwera Brandwag m'mamawa ana asanadzuke. Lolemba akapempha tchuthi kuntchito, akawalola tilipira pogona tsiku lomwelo. Ine mawa tikaweruka kutchalitchi ndikabwereka kampando ka mwana ka m'galimoto kwa alamu, poti lamulo la kuno limafuna kuti mwana wosafika zaka 3 amangiriridwe m'kampando kake, ndipo Mphatso ali ndi ziwiri.