Thadzi litathawa mazira ake

Lolemba m'mamawa, ndisanatulutse n'komwe njinga, mayi wina wa m'gulu lathu la oweta nkhuku anali atafika kale pakhomo. "Alangizi, nkhuku ija yandichita chipongwe. Yakhalira masiku 15, lero ikungopalasa kudzala." Anali mazira 12 a Mikolongwe, ogula ndi ndalama ya banki m'khonde. Ndipo mu Juni muno, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa.

Nditapisa dzanja m'chisa, mkono wonse unayamba kunyerenyetsa. Utitiri! Anthu amafulumira kunena kuti thadzi ndi laulesi, chonsecho likudyedwa usiku wonse. Tinatentha udzu wa m'chisamo, n'kuwaza phulusa, n'kuyala masamba a fodya. Thadzi linangosuzumira, n'kubwerera kudzala.

Makina oswera mazira kuno kulibe, ndiye tinatenga dengu. Pansi tinayala madeya ndi nsanza, m'mbali mabotolo awiri a madzi otentha okulunga m'chitenje kuti asakhudze mazira, pakona kambale ka madzi kuti mpweya usaume, pamwamba bulangete losiya kampata. Dzira limafuna madigiri 37 kapena 38, ndipo choyezera kutentha chimene ndimayezera ng'ombe chinagwira ntchito yachilendo. Dzira lililonse ndinalilemba mtanda ndi pensulo mbali imodzi, kuti potembenuza katatu patsiku asasokoneze. Chowawa ndi madziwo: maola atatu akangotha, wina adzuke akoleze mbaula.

Lachiwiri usiku tinawaunika ndi tochi ya foni. Atatu anali mbee, opanda kanthu. Enawo anali bii, ndipo m'modzi munagwedezeka kanthu. Mayi aja anaseka mpaka kugwira pakamwa.

Lachitatu ndinatandala m'midzi ina, kudontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku, koma mtima uli m'dengu. Madzulo ndinamva kuti mwana amene anam'patsa udindo wa usiku anagonereza, mabotolo anachita kuzizira. Sindinam'kalipire. Ntchito imene thadzi limagwira ndi chifuwa chokha, ife anthu atatu inatikanika.

N'chifukwa chake Lachinayi ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa nkhuku yokhalira. Kwa agogo ena ndinapeza kathadzi kachikuda katakakamira pa mazira osukusa, kolusa ngati kali ndi ngongole. "Mutenge mwanawe, koma anapiye awiri ndi anga," anatero. Tinadikira mdima, pakuti masana nkhuku imazindikira, n'kulowetsa mazirawo limodzilimodzi kunsi kwa mapiko. Linali tsiku la 18, pamene kutembenuza kumalekeka.

Lamulungu, tsiku la 21, potuluka m'tchalitchi ndinadzera komweko. Asanu ndi mmodzi anali ataswa, akudakuda, akusuzumira m'nthenga. Awiri anafera m'chigoba, ndikuganiza usiku umene mabotolo anazizira uja, ndipo limodzi linangoti zii. Agogo aja anali atakhala kale pamphasa, akuloza ndi ndodo awiri amene asankha.