Nzeru za gulu zimatsalira kwa amene sanalankhule

Timati mutu umodzi susenza denga, koma kusonkhanitsa mitu yambiri sikuti dengalo lanyamuka kale. Kafukufuku wa mmene magulu amaganizira limodzi wanditsimikizira zimenezi.

Mu 2010, wofufuza wa ku America Anita Woolley ndi anzake anagawa anthu 699 m'magulu a anthu awiri mpaka asanu n'kuwapatsa ntchito zosiyanasiyana. Gulu lochita bwino pa ntchito imodzi linkachitanso bwino pa zinazo. Kukhala ndi munthu mmodzi wanzeru kwambiri pagulu sikunkathandiza kwenikweni. Chinkathandiza n'kupatsana mpata wolankhula mofanana, komanso luso lozindikira mmene mnzako akumvera, lomwe analiyeza poonetsa anthu zithunzi za maso okhaokha. Magulu okhala ndi amayi ambiri ankachita bwinoko, makamaka chifukwa amayi ankakhoza kwambiri mayeso a masowo.

Chimene chandigwira mtima ndi kafukufuku wa Garold Stasser ndi William Titus wa mu 1985. Anapatsa magulu a ophunzira mfundo zokhudza anthu ofuna udindo. Mfundo zina anapatsa onse, zina munthu mmodzimmodzi, moti woyenera udindoyo akanadziwika pokhapokha zonse zitaikidwa poyera. Magulu ambiri sanamupeze. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mfundo yodziwika kwa anthu anayi ili ndi milomo inayi yoitulutsa, ndipo ikatuluka ena amagwedeza mutu, woinenayo n'kumva kukoma. Mfundo ya munthu mmodzi ili ndi mlomo umodzi. Akaitchula anzake amangoti zii poti sangaichitire umboni, mwiniwake n'kuyamba kuikayikira, osaibwerezanso. Apa m'pamene gulu limataya chimene linasonkhanira.

Wasayansi Francis Galton anaona mbali ina ya nkhaniyi mu 1906 pa chionetsero cha ziweto ku Plymouth, ku England. Anthu 787 analosera kulemera kwa ng'ombe ikaphedwa n'kusendedwa, aliyense pa kapepala kake. Atandandalika mayankho onse kuyambira laling'ono, yankho lapakati linali mapaundi 1,207, pomwe kulemera kwenikweni kunali 1,198. Akanamvana kaye, ambiri akanangotsata woyamba kulankhula.

Ndiye pamsonkhano, musanayambe kukambirana, aliyense alembe yankho lake ndi zifukwa zake payekha kwa mphindi zisanu. Wapampando alankhule pomalizira, chifukwa akangoonetsa kumene wapendekera, otsatira amayamba kusankha mawu omusangalatsa. Funso loti "mukugwirizana nazo?" ndimaliona lopanda phindu, lofunika n'lakuti "mukudziwapo chiyani chimene sichinatchulidwe?" Mfundo yatsopano ikatuluka, ilembedwe pabolodi ngakhale palibe woiikira kumbuyo. Wina akhale ndi pepala la mayina a onse, azichonga nthawi iliyonse munthu akalankhula. Mukafika pakati pa msonkhano n'kupeza anthu awiri ali ndi zichongi khumikhumi pomwe atatu alibe ngakhale chimodzi, imani kaye, muwafunse atatuwo mmodzimmodzi musanapange chiganizo.