Za Kabati Ija, Imvani kwa Mwiniwake

Popeza chithunzi chija cha ine mphunzitsi ndikutuluka m'kabati ya m'kalasi chazungulira pa WhatsApp mpaka kufika kwa alamu anga ku Mzimba, ndiloleni ndinene ndekha. Choyamba, sindinalire ayi. Linali thukuta. Lowani m'kabati yachitsulo mwezi wa Okutobala dzuwa litakwera, muone ngati maso anu sangatuluke thukuta.

Chachiwiri, ndinali pantchito ya boma. Inu amene simunagwirepo choko simudziwa mmene timawu ta in, on ndi at timazunzira mwana. Ife tili ndi pa, ku ndi mu, ndipo palibe amene anasocherapo nazo. Koma Mngerezi akuti ukakwera galimoto uli in, ukakwera basi uli on, chonsecho m'basimo wakhala pampando m'kati mwenimweni. M'mawa ndi in, usiku ndi at, Lolemba ndi on. Mwana wina anandifunsa kuti nanga kondakitala wa minibasi, amene mutu uli kunja miyendo ili m'kati, iyeyo ali chiyani? Ndinamuuza kuti zimenezo n'za ku sekondale.

Awatu ndi ana a Sitandade 4, oti chaka chamawa masamu ndi sayansi yomwe azidzazimva m'Chingerezi. Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuti uziphunzitsira zinthu zimene zilipo pamalopo. Ndinayamba ndi dasitala, kuyiika patebulo, kuyiika pansi pa tebulo, ana n'kumangoyasamula. Ndiye chinthu china chimene chinalipo pamalopo ndinali ineyo.

Ndinakwera pampando. “Where is the teacher?” Kalasi yonse: “The teacher is on the chair!” Ndinakwawira kunsi kwa tebulo, mawondo akudandaula, iwo: “Under the table!” Kuseri kwa chitseko, behind anamukhoza. Ngakhale anyamata akumbuyo aja, amene amabwerera phala lokha, anaimirira n'kumakuwa nawo. Mumtima ndinati Mulungu anandilengeradi ntchito imeneyi. Kanatsala ka in kokha, ndipo pakona panali kabati ya mabuku ija, yomwe mashelefu ake anatha kalekale.

Ndinalowa, n'kukoka chitseko. Kenako ndinangomva kuti kha!

Monitala wa kalasi yanga ndi mwana womvera kwambiri. Ndinamulangiza ndekha kuti akangoona kabati yatsekedwa azikhoma loko pompo, asayembekeze kuuzidwa. Kiyi amasunga ahedi. Ahediwo anali atapalasa njinga kupita kumsonkhano ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanirako.

Kunja chisangalalo chinali chosaneneka. “The teacher is in the cupboard! The teacher is in the cupboard!” Ena anayamba kuimbira ng'oma pamadesiki. Ndinagogoda n'kunena kuti, “Ana inu, tsegulani!” Iwo onse pamodzi: “Speak English, teacher!” Lamulo limenelonso ndinaika ndine. Chabwino. Ndinakuwa kuti, “Open the door!” Ndipo ana anga, amene ndawaphunzitsa kubwereza chilichonse chotuluka pakamwa panga, anayankha mokoma ndi mogwirizana: “Open the door!” Ndinati, “I am serious!” Iwo: “I am serious!” Katchulidwe kake kanali kabwino zedi, moti ngakhale ndili m'mavuto ndinanyadira pang'ono.

Tsono m'kabatimo munali mwini nyumba. Poyamba ndinangomva kafungo, kenako tswatswa m'marejisitala akale. Ndinaima chilili osapuma, mphuno itagunda chitsulo, mimba itakanirira kuchitseko, ndikupemphera kuti adutse. Anafika pansapato. Anaima. Ndikukhulupirira kuti ankaganiza. Anatsika, anazungulira, anabwereranso pansapato ina, ngati munthu wosankha kaunjika pamsika. Kenako anasankha mwendo wakumanzere n'kuyamba ulendo wake m'kati mwa thalauza, mosafulumira, akupumira m'njira. Amene mukuti kanali kambewa, bodza. Linali khoswe la msinkhu wa mwana wa mbuzi, ndipo ndinamva ndevu zake pabondo.

“Rat! Rat!” ndinatero, chifukwa Chichewa anali atandiletsa.

Kunakhala bata. Kenako kamtsikana kena, kamene chiyambire teremu sikanatulutsepo liwu, kanafika pafupi ndi timabowo ta kabati n'kufunsa mwaulemu: “Where is the rat, teacher?” Funso lathunthu, lopanga kokha, losalakwika paliponse. Mphunzitsi weniweni salisiya funso lotero. Ndinayankha kuti, “In my trousers!” Zimene kalasi inachita mukuzidziwa. Akuti anazimva mpaka amayi ophika phala.

Nthawi imeneyo n'kuti a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akuimika njinga yamoto panja. Sananene kuti abwera, ndipo sanenatu anthu amenewa. Ndinangomva mabenchi akukhuluka, kenako “Good morning, madam!” Ndinasiya kuvina. Khoswe sanasiye.

“Where is your teacher?” anafunsa amayiwo.

“The teacher is in the cupboard!”

“Very good!” anatero, n'kuwauza kuti adziombere m'manja. Ankaganiza kuti ndi chiganizo cha pabolodi. Anakhala pampando wanga, n'kutsegula lesoni pulani yanga, n'kumandidikira. Ine m'katimo ndinkawerengera zaka zotsala kuti ndipume pantchito. Ndikanatha kukhala chete mpaka belu, koma mwini nyumba uja anadutsa bondo, kabati n'kuyamba kuyenda yokha kulowera kubolodi.

Anandimasula ndi alonda, ndi nyundo. Khoswe ndiye anayamba kutuluka, kudzera kumwendo wakumanja, ndipo mmene anawolokera musandifunse. Amene anajambula chithunzi ndikumudziwa, timadyera limodzi zitumbuwa pa buleki, koma tikambirana patokha.

A PEA atandiona anangoti, “Aphunzitsi, takhalani kaye pansi.” Mu lipoti analemba kuti ana akutenga nawo mbali mokwanira, koma ndionenso kasamalidwe ka kalasi. Mbali yoyambayo bwanji simukuitumiza pa WhatsApp? Pamayeso a Lachisanu in sanaphonye ndi mmodzi yemwe. At anagwa nayo pafupifupi onse, poti sindinapeze cholowamo.

Sabata yamawa tili pa through ndi across. Ahedi andiletsa kuyandikira mawindo ndi ngalande ya kuseri kwa ofesi, ndipo akuti loko watsopano ndigule ndine. Ndawauza kuti adikire malipiro.