Memori yanu mukuipereka kwa ndani?

Pa Limbe kapena mu Ndirande muja, anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori ali mbwee, kompyuta pa kathebulo, sipika ikulira mpaka kutseka makutu. Munthu amangopereka foni yonse nkupita kukagula tomato, amvekere ndikupezani achimwene. Koma mufonimo muli zithunzi za ana, chithunzi cha chiphaso cha unzika, mwinanso zina zija zoti akazi anu okha ndi amene ayenera kuona, ndipo kukopera zonsezo sizitenga nthawi ayi, mawa mungozipeza zikuzungulira m'magulupu a WhatsApp.

Za lamulo nazo zilipo. Copyright Act ya 2016 imaletsa kugulitsa nyimbo za eni popanda chilolezo, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za luso, akabwera ndi apolisi kompyuta imapita. Ine oimba ndimawamvera chisoni ndithu, situdiyo amalipira okha.

Enanu okoka mafilimu pa ma torrent, njira imene anthu amagawirana mafayilo pa intaneti, musamadzione ngati mwabisala, IP address yanu, nambala imene imakuzindikiritsani pa intaneti, imaoneka kwa aliyense amene akukoka fayilo yomweyo, kuphatikizapo eni filimuyo. Komanso mukamakoka mumakhala mukugawiranso ena, bandulo nkumangotha osadziwa.